Kusankha ndi kumanga chuck yatsopano pa lathe yaing'ono

Chuck, chogwirira chitsulo pa lathe (makina osemera zitsulo mozungulira), ikayamba kuterereka, kapena chitsulo chikamavina ngakhale mwamanga mwamphamvu, musathamangire ku Limbe kukagula ina musanaione mphuno ya spindle yanu, shafiti yozungulira imene chuck imamangidwapo. Chuck simangidwa pa lathe iliyonse. Chomwe chimaikhazika pakatikati ndi kamphete kotukuka ka pa spindle kapena pa backplate (mbale yolumikiza chuck ku spindle), kamene amisiri amati register, ndipo mabawuti ntchito yake ndi kungokanikiza basi.

Choyamba dziwani mtundu wa mphunoyo. Ma lathe ena akale a ku Britain ali ndi mazinga: Myford ML7 ndi mainchi 1 1/8, mazinga 12 pa inchi, pomwe Boxford ndi 1 1/2, mazinga 8. Ma lathe aang'ono a ku China a 7x12 ndi 7x14 (kukula kwa lathe m'mainchi) ali ndi mbale yomangapo mabawuti. Ambiri amabwera ndi chuck ya mamilimita 80, register ya 55, ndi mabawuti atatu a M6 pa mzere wozungulira wa 66. Chuck ya 100 register yake ndi 72, mabawuti a M8 pa mzere wa 84. Ya 125 register ndi 95, mzere wa mabawuti ndi 108. Yezani ndi vernier, chipangizo choyezera kukula kwa zitsulo, mulembe papepala musanakwere minibasi.

Pa lathe ya 7x14, ya 100 ndiyo yabwino. Bowo la chuck ya 80 ndi mamilimita 16 okha pomwe spindle imadutsitsa 20, choncho ya 100, ya bowo la 22, imakulolani kulowetsa shafiti yaitali mkati. Ya 125 ndi mtolo: imalemetsa mota ndi mabering'i, ndipo nsagwada zikatuluka kunja zimatha kumenya bedi, thupi la lathe lokhala ndi njanji. Ya nsagwada zitatu imafulumira pa zitsulo zobulungira, monga mabushi ndi tizipangizo ta njinga za kabaza, koma imaphonya pakati ndi mamilimita 0.05 mpaka 0.1. Ya nsagwada zinayi zoyenda payokhapayokha imadya nthawi, komabe imagwira zitsulo za ngodya zinayi ndipo mungaikhazike mpaka 0.01. Wokonza shafiti yakale ya chigayo kapena ya pampu, yomwe iyenera kuzungulira ndendende pomwe inkazungulira kale, asankhe imeneyi. Pogula ya zitatu onetsetsani kuti magulu onse awiri a nsagwada alimo, zamkati ndi zakunja, ndi kiyi wake.

Register ikasiyana ndi ya spindle pafunika backplate, ndipo ntchito yeniyeni ili apa. Backplate imasemedwa pa lathe yomweyo imene idzagwirepo ntchito, osati ya mnzanu wa ku Chinamwali, chifukwa posemera pa spindle yake zolakwika za makinawo zimadzichotsa zokha. Tengani ya cast iron, ipukuteni, imangeni pa spindle, ndipo khomani kachizindikiro pa mbale zonse ziwiri kuti nthawi zonse izibwerera malo amodzimodzi. Phimbani bedi ndi pepala, pakuti fumbi la cast iron limadya zitsulo ngati mchenga. Nsanza ayi, imakodwa. Semani mouma, mopanda oyilo, pa liwiro lotsika, kuzungulira cha m'ma maulendo 100 pa mphindi ngati mpeni ndi wa chitsulo cholimba chotchedwa HSS. Yambani ndi nkhope, kenako kamphete kaja. Mukatsala ndi 0.2 imani, chitsulo chizizire, popeza chotentha chimafufuma ndipo muyeso wake umanama. Kuchokera apo dyani 0.02 kamodzi, mukuyesa chuck yeniyeniyo, mpaka ilowe ndi dzanja popanda kugwedera. Kamphetako kafupike ndi theka la milimita kuyerekeza ndi kuzama kwa dzenje la kumbuyo kwa chuck. Kakatalika, chuck imakhalira pa iko m'malo mogona pa nkhope, ndiye imapendama.

Mabowo a mabawuti ndi osavuta. Pa chuck ya 100, lembani mzere wozungulira wa 84 ndi nsonga ya mpeni backplate ikadali pa lathe. Mabowo atatu amatalikirana 72.7. Boolani ndi 9 kuti M8 adutse momasuka.

Musanamange, zulani pulagi kukhoma. Magetsi akazima munthu amaiwala switchi, ndipo amabwera osaodira. Yalani thabwa pa bedi kuti chuck ikapulumuka isaphwanye njanji kapena zala. Tsukani girisi wa kufakitale ndi palafini, pukutani nkhope zonse ziwiri. Kachitsulo kamodzi kotsalira pakati ndi kokwanira kuvinitsa chuck yatsopano. Mangani mabawuti pang'onopang'ono mosinthanasinthana. Chuck ya mazinga ipakeni kaoyilo, muipotokole ndi manja mpaka ikhale, osaiponyera ndi mota, chifukwa imakakamira osamasukanso. Ndipo chuck ya mazinga siyendetsedwa chambuyo pa liwiro, imamasuka yokha.

Nsagwada za chuck ya zitatu zili ndi manambala, 1, 2, 3, ndipo iliyonse ili ndi njira yake. Zilowe motsatana pamene mukuzunguza kiyi. Mukadumphitsa imodzi sizikumana pakati. Kenako mangani chitsulo chowongoka bwino, monga ndodo ya shoko yakale yosapindika, ikani dial gauge, kawotchi koyezera kuvina kwa chitsulo, pafupi ndi nsagwada, muzunguze ndi dzanja. Yesani kumanga pa mabowo onse atatu a kiyi, limene lapereka muyeso wabwino mulipake utoto, muzimangira pomwepo. Ikaphonya kupitirira 0.1, yang'anani kaye nkhope ya backplate musanaimbe mlandu chuck. Kiyi asatsale pa chuck ngakhale kwa kamphindi.

Chinyontho cha dzinja sichichedwa kubala dzimbiri, makamaka m'mashedi a malata. Pakani oyilo wopepuka pa chuck mukaweruka, ndipo pa mazinga ozungulira oyendetsa nsagwada musaike girisi wambiri, amamata tizitsulo mpaka nsagwada kuuma. Chuck yomwe mwachotsa isagone pasimenti. Ikulungeni m'nsalu ya oyilo, muiike pa thabwa.