Momwe mungapemphere ndemanga kwa makasitomala ndi imelo yodzitumiza yokha

Munthu wa ku Bangwe akaona nsapato pa tsamba lanu la Facebook, chimene chimayamba kumuvuta si mtengo ayi. Amadzifunsa ngati simudzathimitsa foni akangotumiza ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba. Ambiri aberedwapo motero, ndipo chimene chimawalimbitsa mtima ndi mawu a mnzawo amene anagula kale n'kulandiradi katundu. Koma kasitomala wokhutira salemba yekha: wavala nsapato, wapita kuntchito, waiwala. Amene amalemba asanapemphedwe nthawi zambiri ndi uja wakwiya. Ndiye muyenera kupempha, ndipo popeza tsiku limakutherani mukuthamanga pakati pa Limbe ndi Wenela, ntchito yopemphayo isiyireni makina.

Yambani ndi kusankha malo amodzi oti ndemangazo zizipita. Ngati muli ndi shopu yoti munthu angafikepo, tsegulani Google Business Profile, ndi yaulere, ndipo imakupatsani linki yaifupi yofikitsa munthu pomwe angapereke nyenyezi ndi kulemba mawu ake. Ngati mumagulitsira pa Facebook pokha, onetsetsani kuti gawo la ndemanga pa tsamba lanu ndi lotsegula, mukopere linki yake. Amodzi basi. Mukamupatsa munthu malinki atatu, sadina ngakhale imodzi.

Kenako sonkhanitsani maimelo. Pamene kasitomala akukupatsani dzina ndi komwe katundu apite, m'funseni: “Kodi tingakulembereni pa imelo katundu akafika, timve ngati zonse zili bwino?” Akavomera, lembani dzina, imelo, chimene wagula ndi tsiku mu Google Sheets. Akakana, musiyeni. Malawi ali ndi lamulo loteteza zinsinsi za anthu, Data Protection Act la 2024, lomwe likuyang'aniridwa ndi MACRA, ndipo kutola maimelo a anthu m'magulu a WhatsApp iwo osadziwa n'kudziputira mavuto. Ngakhale lamulo likanapanda kukhalapo, imelo yochokera kwa munthu wosamudziwa nthawi zambiri imangothera mu Spam, komwe kumapita maimelo osafunika.

Chida chotumizira chimatengera kuchuluka kwa malonda anu. Ngati mumagulitsa zinthu zowerengeka pa sabata, Gmail yomwe muli nayoyo ikukwanira. Pa kompyuta lowani mu Settings, pitani pa Advanced, yatsani Templates, musunge uthenga wanu kamodzi. Mukagulitsa, tsegulani uthengawo, sinthani dzina, ndipo m'malo modina Send dinani kamuvi kali pambali pake musankhe Schedule send. Ikani tsiku ndi ola, imeloyo idzanyamuka yokha ngakhale foni yanu itazima chifukwa cha magetsi. Malonda akachuluka samukirani ku Brevo kapena Mailchimp, mapulogalamu a pa intaneti otumizira maimelo kwa anthu ambiri. Brevo imalola maimelo 300 patsiku osalipira kanthu. Kumeneko mumapanga mndandanda wa ogula n'kuuza makinawo kuti munthu akangolowa pamndandandawo adikire masiku akutiakuti, kenako atumize uthenga, dzina la munthuyo litalowamo kale.

Apa ndiye pagona nkhani: masikuwo akhale angati? Ogulitsa ambiri amawerengera kuchokera tsiku lolipira, ndipo imelo imafika katundu akadali m'basi. Tangoganizani mayi wa ku Mzuzu amene waima pa depoti kachiwiri osapeza phukusi lake, foni n'kulira, uthenga woti “tiuzeni momwe mwasangalalira.” Ndemanga yomwe alembeyo simudzaikonda. Werengerani kuchokera tsiku limene katundu wafika m'manja mwake. Wa ku Chilomoni kapena Ndirande amene wa kabaza wamupatsira lero lomwe, mulembereni pakatha masiku awiri kapena atatu. Wa ku Lilongwe kapena ku Karonga musamuike pamndandanda kufikira atatsimikiza kuti walandira. Mtundu wa katundu nawonso uganizireni. Keke ya ukwati imaweruzidwa mawa lake. Chitenje chimadziwika chikachapidwa, ngati chikusuluka kapena ayi. Foni kapena sola ipatseni sabata yathunthu, munthu aone kaye ngati batire ikusunga moto. Ine ndimakonda kuti imelo ifike madzulo anthu ataweruka, kapena Loweruka m'mawa, osati Lolemba pamene aliyense mutu uli ku ntchito.

Uthenga ukhale waufupi woti munthu awerenge ali mu minibasi. Pamutu lembani monga “Nsapato zija zakukwanani?” M'kati mwake:

“Mayi, zikomo potigula nsapato zakuda zija. Tikukhulupirira kuti zakukwanani. Mukapeza kamphindi, dinani apa mulembe mawu awiri atatu a momwe mwazionera, kuti ena ofuna kugula adziwe zoona zake. Ngati pali chavuta, ingoyankhani imelo ino, tikonza.”

Pansi ikani dzina lanu, dzina la bizinesi ndi nambala ya foni. Zithunzi zikuluzikulu zisiyeni, zimadya bandulo ya mwini wake ndipo zimachedwa kutseguka. Musanayatse makinawo, dzitumizireni nokha imeloyo, muitsegule pa foni, mudine linki muone ngati ikufikadi pamalo oyenera.

Wosayankha mukumbutseni kamodzi pakatha sabata, kenako basi.

Pali zinthu ziwiri zimene ndikupemphani musachite. Musagule ndemanga, kaya ndi mayunitsi, kaya ndi lonjezo lotsitsa mtengo. Malamulo a Google amaletsa zimenezi ndipo ndemanga zotere angazichotse. Komanso musamasankhe oti muwapemphe, kutumizira okhawo mukudziwa kuti asangalala. Izinso Google imaletsa, ndipo ogula a mu Blantyre muno ndi ochenjera: tsamba lodzaza ndi nyenyezi zisanu zokhazokha, mawu ake ofanana, amadziwa kuti alemba ndi achibale. Ndemanga imodzi yodandaula kuti katundu anachedwa, pansi pake pali yankho lanu laulemu lofotokoza chinachitika ndi momwe munakonzera, imakopa wogula kuposa matamando khumi opanda dzina la chinthu chogulidwa. Choncho yankhani ndemanga iliyonse, yabwino ndi yowawa yomwe, pasanathe masiku awiri, ndipo yankho limenelo lembani nokha, osati makina.

Dziwaninso kuti si onse amatsegula imelo. Ogwira ntchito m'maofesi, ophunzira a ku MUBAS ndi abale akunja ogulira makolo awo katundu amatsegula, koma ena imelo anaitsegulira foni yokha. Kwa amenewa sungani uthenga womwewo mu Quick replies ya WhatsApp Business, muike chizindikiro pa macheza a aliyense amene walandira katundu, ndipo Lachisanu lililonse madzulo muwatumizire mmodzimmodzi, linki ili yomweyo.