Mahampu okumba tokhawa akugwetsa anjinga, osati agalimoto

Mvula ya chaka chino sinafike ndi pakati pomwe koma pamsewu wafumbi umene ndimadutsa popita kumakalabu anga a alimi ndawerenga kale mahampu 9 okumba anthu okha. Dzinja latha analipo awiri basi. Ndikudziwa mmene zimayambira, njinga yamoto yagunda mwana kapena lole yaponda mbuzi, anthu mitima yapsa, m'mawa mwake anyamata ali ndi makasu ndi wilibala aunjika dothi kudula msewu wonse, ena mpaka kuikamo chipika ndi miyala pansi kuti lilimbe. Kupsa mtimako sindikukutsutsa ayi, nanenso ndili ndi ana. Koma tiyeni tinene zoona, hampu imeneyi ikulanga ndani?

Wa galimoto yaitali ija, amene mumafuna kumuphunzitsa, amangokwera hampu yanuyo ngati mzere wa mbatata n'kumapita. Wa njinga yamoto amalambalala kumapeto kwake, kudutsa pomwe pamayenda ana asukulu pamene paja. Otsala ndi ife a njinga yakapalasa. Njinga yanyamula matumba awiri a feteleza, makilo 100 pakeliyala, kutsetsereka, mabuleki anyowa ndi matope, kunja kwachita chisisira ndipo palibe olo chikwangwani kapena laimu woti munthu aone patali. Ukangoigunda limu yapindika, masipoko atatu anayi aduka, mwamwayi iweyo wangosupuka bondo. Akabaza ndiye akulira tsiku ndi tsiku chifukwa kasitomala akagwa kamodzi sakweranso, ndipo ndalama ya tsikulo yathera kwa okonza njinga pansi pa mtengo wa mango.

Ndiye pali nkhani ya madzi imene anthu sakuiona. Msewu wafumbi amaupanga wotukuka pakati kuti madzi azitsikira m'ngalande mbali zonse ziwiri. Inu mukaunjika dothi mopingasa mwapanga damu. Madzi amadikha kumtunda kwa hampu, galimoto zikupondaponda pamakhala chithaphwi, kenako madziwo amapeza njira kumapeto n'kuyamba kudya m'mphepete, ndendende kanjira kosalala kaja timadutsamo anjinga. Pofika February pali chigwembe. Ndipo dothi la hampulo mwalikumba kuti? M'ngalande momwemo kapena pakamwa pa kalavati, mwakumba dzenje lina loti mwana agweremo.

Lachiwiri lapitali bambo wina wa kalabu ya tomato anandiimitsa pamsika, sindimutchula. Akuti alangizi, inu mumatiuza tizilima mbewu zamsika, onani izi. Dengu lonse la tomato linali phala. Anadzuka 4 koloko kuti akapeze mavenda asanabalalike, hampu anaikumba madzulo adzulo lake iye osadziwa, anakazindikira ali m'ngalande njinga ili pamwamba pake. Chomwe chinandiseketsa, ngakhale sizoseketsa, n'choti khasu limene anakumbira hampuyo anabwereka kunyumba kwake komwe, mwana wake ndi amene anapereka. Ndinamufunsa kuti nanga ku VDC, komiti ya chitukuko ya m'mudzi, munakanena? Akuti aaa alangizi, zimenezo n'zochedwetsa.

Mawu amenewa ndi amene amanditopetsa. Zochedwetsa. Takhala tikukumba mahampu chichokereni ndili mwana, ndiuzeni mudzi umodzi umene ngozi zinatha chifukwa cha mulu wadothi. Giledala ikabwera imasalaza zonse tsiku limodzi, tayambiranso. Pomwe minibasi imene inkalowa mpaka kusukulu yapulaimale pano ikuthera patala, dalaivala akuti sangamalize ekizozi ndi masipuling'i chifukwa cha ife, ndipo sindingamunene. Kuyambira pomwe kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu November 2023 sipeya aliyense ndi moto, mafuta nawo mukudziwa mmene akhala akuvutira. Ndiye mayi woyembekezera, agogo opita kukalandira mankhwala, onse atsike patala alipirenso njinga yamoto yomwe ija timati tikuithamangitsa. Tathamangitsa minibasi yonyamula anthu ambiri pamtengo wotsikirapo, tasiya chimene chinagunda mwana. Walira mvula walira matope, koma apa matope tawaitana tokha mvula isanagwe.

China, timakonda kudandaula pakamwa. Khansala tamupeza pamaliro, tamukokera pambali, bwana msewu uja, iye n'kuti ndamva ndamva. Pagulupu ya WhatsApp ya mudzi mavoisi noti 40 usiku umodzi, kalata olo imodzi. Makhansala amene tinasankha pa 16 September 2025 ena ndi atsopano, sakudziwa n'komwe kuti pamalo paja panagwa anthu angati. Komanso ambiri timagogoda khomo lolakwika. Misewu ikuluikulu ngati M1 kapena M5 ili m'manja mwa Roads Authority, timisewu tam'midzi ndi tam'malokeshoni nthawi zambiri ndi ta khonsolo. Ndalama yokonzera misewu imachokera pa levi ya mafuta ndi pamatolugeti ngati a Chingeni ndi Kalinyeke, imasungidwa ku Roads Fund Administration, ndiye nthawi iliyonse mwakwera minibasi mwasonkhako kale. Si kupempha chifundo ayi, n'kufunsa chanu. Koma chaka cha ndalama za boma chimayamba pa 1 April, mukabwera mu June ndi dandaulo lanu adzakuuzani kuti bajeti inadutsa, ndipo adzakhala akunena zoona.

Zochita ndi zomwe mukuzidziwa kale, ndingothamangamo. Akabaza apasiteji, kalabu ya alimi, komiti ya sukulu ndi madalaivala a minibasi khalani pansi limodzi, musawasiye madalaivalawo chifukwa ndi amene akudziwa pomwe pakufunika siteji yeniyeni. Tengani kope, anyamata awiri akhale pamalopo masiku atatu, limodzi likhale la msika, awerenge njinga, oyenda pansi ndi galimoto kuyambira 6 koloko m'mawa. Lembani ngozi zonse ndi masiku ake, jambulani ndi foni. Pemphani chinthu chimodzi kapena ziwiri zooneka, hampu yomangidwa bwino yopenta ndi chikwangwani chake pafupi ndi sukulu, kanjira ka njinga m'mbali, kapena malo oimapo minibasi, osati kungolemba kuti tikufuna chitukuko. Amfumu adinde, kalata ipite ku VDC kenako ADC (komiti ya chitukuko ya dera lonse), a m'tauni kudzera kwa mabuloko lida ndi komiti ya wadi, khansala apatsidwe kope yake ndipo inu musunge yanu yodindidwa tsiku lomwe ailandira. Pakatha masabata awiri pitaninso, muli anthu asanu osati mmodzi.

Mahampu alipo kalewo, amfumu aitane anthu Loweruka lino muwasalaze, dothi mubwezere pomwe munalikumba ndipo mutsegule ngalande mvula ya January isanatipeze. Ngati pali ina imene mwakaniratu kuichotsa, bola ithireni laimu ndi kusiya mpata wa njinga kumanzere. Ndipo anjinga inu, kagalasi kofiira kakumbuyo kaja sikodula, gulani.