Momwe mungasankhire modeler ya gitala ndi kuitchuna kuti ilire clean

Pitani pa YouTube mukaone anthu akuyesa ma modeler a gitala, mupeza kuti ambiri akuimba rock ndi metal, gitala ikulira mosasa ngati galu wolusa. Kuno kwathu amene amafuna kulira kotero ndi ochepa. Woimba kutchalitchi, wa rumba, wa sungura, wa kalindula, ngakhale wa reggae, amafuna gitala yolira clean, kutanthauza mawu oyera osasasa, nsambo iliyonse ikumveka payokha pamwamba pa ng'oma ndi besi. Apa ndiye pali mwayi wathu, chifukwa pa clean kabokosi kotchipa ndi kabokosi kodula sizisiyana kwambiri monga zimasiyanira pa mawu osasa. Ambiri amene amadandaula kuti modeler yawo ikulira ngati chitini, vuto silikhala bokosilo. Limakhala kalumikizidwe ndi katchunidwe.

Kwa amene sanaigwirepo, modeler ndi kakompyuta kamene kamatsanzira kulira kwa ma ampu otchuka, masipika ake, ndi ma effect monga chorus ndi delay. Kamene kanatchukitsa zimenezi ndi POD ya Line 6, kofiira kooneka ngati nyemba, kamene kanatuluka mu 1998.

Choyamba: dziwani komwe mawu anu azikatulukira

Musanafunse mtengo, dzifunseni kuti chingwe chochoka m'bokosimo chizikalowa kuti. Chizipita ku mikisa ya tchalitchi kapena ya bandi? Chizilowa mu ampu ya gitala imene muli nayo kale? Kapena muzingoimbira m'mahedifoni ndi kujambulira pa kompyuta?

Ngati ndi ku mikisa ndipo ili patali, mufunika potulukira pa XLR, bowo la mapini atatu ngati la chingwe cha maikolofoni, apo ayi mugule DI box, kabokosi kosintha chingwe cha gitala kukhala cha XLR. Helix yaikulu ndi Valeton GP-200 zili ndi XLR. Boss GT-1 ndi Zoom G1X Four zilibe, ndiye pa mtengo wake muonjezerepo wa DI box. Ngati mukufuna kujambula nyimbo, funsani ngati USB yake imatumiza mawu ku kompyuta, poti mabokosi ena USB yawo ndi yongosinthira ma patch basi, kutanthauza katchunidwe kosungidwa m'bokosimo.

Chachiwiri: ganizirani za magetsi

Ichi oyesa akunja aja sachitchula n'komwe, koma kuno ndi nkhani yaikulu. GT-1 ndi G1X Four zimayenda ndi mabatire anayi a AA, ndipo Zoomyo imathekanso pa power bank. Magetsi akathima pakati pa nyimbo n'kuyatsa jenereta, inu bokosi lanu silinazime. HX Stomp, POD Go, Quad Cortex ndi zina zazikulu zimafuna soketi, ndipo zikazima zimatenga kanthawi kuti zidzukenso.

Samalani ndi adaputala. Za Boss ndi Zoom ndi 9V DC, negative ili pakati pa kapulagi. Adaputala ya pamsika yongofanana mutu ingathe kukhala yotembenuka, ndipo imawotcha bokosi kamodzin'kamodzi. Ma POD akale ena amafuna 9V AC, osati DC. Choncho mukamagula chogwirapo kale ntchito, kaya m'tauni kaya chochokera ku Joni, chibwere ndi adaputala yake yeniyeni. Chochokera ku America muwerenge pa adaputalapo ngati imalola magetsi athu a 230V.

Chachitatu: sankhani gulu la mtengo

Pansi pali Zoom G1X Four, Boss GT-1, Mooer GE150, Valeton GP-100 ndi NUX MG-300. Pakati pali POD Go, NUX MG-30, Valeton GP-200, Boss GX-100 ndi HX Stomp. Pamwamba ndi Helix, Kemper ya ku Germany, Quad Cortex ya ku Finland ndi ma Fractal. Kemper ndi Quad Cortex zimathanso kujambula kalilidwe ka ampu yeniyeni n'kukasunga, m'malo mongodalira zimene kampani inaikamo.

Maganizo anga ndi akuti woimba clean sabata ndi sabata ayime pa gulu lapakati ngati thumba likulola, ndipo lapansi silochititsa manyazi. Chimene mumalipira mukamakwera ndi zopondera zambiri, chitsulo cholimba m'malo mwa pulasitiki, potulukira pambiri, ndi mphamvu yoyendetsa ma effect ambiri nthawi imodzi. Werengani zopondera. HX Stomp imalira bwino zedi koma ili ndi zitatu zokha ndipo ilibe pedal ya voliyumu, pomwe POD Go yotchipirapo ili nazo zambiri ndi pedal yomwe. Pa siteji phazi ndi limene limagwira ntchito, osati sikirini.

Poyesa musanagule, tengani gitala yanu, zimitsani ma effect onse, musiye ampu ndi sipika zokha. Imbani chord n'kuisiya ife yokha, mumvetsere kumchira kwake ngati kukutuluka kaphokoso kothetheka. Ma patch a kufakitale musawakhulupirire, anawadzaza zokometsera kuti akope wogula.

Chachinayi: uzani bokosi komwe mwalilumikiza

Apa ndi pomwe ambiri amagwera. Sipika ya gitala siitulutsa mawu onse. Imadula okwera kwambiri, kuyambira cha m'ma 5 kapena 6 kHz kupita m'mwamba, ndipo kudulako n'kumene kumafewetsa gitala. Masipika a PA, aja olumikizidwa ku mikisa, sadula, amatulutsa chilichonse. N'chifukwa chake modeler ili ndi gawo lotsanzira sipika, lolembedwa Cab kapena IR.

Mukapita ku mikisa, ku mahedifoni kapena ku kompyuta, Cab ikhale yoyaka. Mukaizimitsa, gitala imabaya m'makutu ngati singano. Mukalowa mu ampu yeniyeni ya gitala, Cab izime, chifukwa sipika yeniyeni ilipo kale. Mukaisiya yoyaka mawu amadulidwa kawiri n'kumalira ngati mwafunditsa ampu bulangeti. Pa Boss pali Output Select, pomwe mumasankha LINE/PHONES ngati mukupita ku mikisa, kapena mtundu wa ampu imene mwalowamo. Ngati ampu yanu ili ndi bowo la Return kumbuyo, lowani pamenepo, mudumphe mabatani ake akutsogolo. Ngati ilibe, lowani kutsogolo pa channel ya clean, muzimitsenso ampu yotsanzira ya m'bokosi, mugwiritse ma effect okha.

Ndinaonapo mnyamata atakonzeka kugulitsa bokosi lake pa mtengo wotaya ati linabwera lowonongeka. Cab inali yozima, akuimbira mu PA. Tinangopotokola kabatani kamodzi.

Chachisanu: sankhani ampu ya clean

Tsegulani patch yopanda kanthu. Mwa ma ampu makumimakumi amene ali m'bokosimo, a ntchito yathu ndi awiri kapena atatu.

Yoyamba ndi Roland JC-120, imene inatuluka mu 1975. Ndi ya ma transistor, mawatsi 120, masipika awiri a mainchesi 12, ndipo siisasa msanga ngakhale muikweze. Chorus yake ndi imene inaipatsa dzina. Kwa lead ya rumba ndi sungura, yambirani pamenepa. Yachiwiri ndi Fender Twin Reverb, ya ma valavu, mawatsi 85, nayonso masipika awiri. Clean yake ndi yonenepa ndi yofunda, yabwino pa nyimbo zopembedza ndi pa rhythm. Deluxe Reverb ndi mng'ono wake wa mawatsi 22, imayamba kusasa msanga, ndipo Vox AC30 nayo imatero. Ndi zokoma ngati mukufuna clean yokhala ndi kamchenga pang'ono mukamenya mwamphamvu.

Makampani amabisa mayina enieni. Mu Helix ndi POD Go, JC-120 imatchedwa Jazz Rivet 120, Twin ndi US Double, Deluxe ndi US Deluxe, AC30 ndi Essex A30. Mu Zoom, Twin ndi FD TWNR. Boss ndi ya Roland, ndiye imangolemba JC-120 mosabisa, Twin n'kuitcha Clean Twin.

Chachisanu ndi chimodzi: gain ndi voliyumu

Izi ndi zinthu ziwiri zosiyana. Gain kapena Drive ndi imene imabweretsa kusasa. Level kapena Channel Volume imangokweza mawu osasintha kalilidwe. Ikani gain cha pa 3, menyani chord mwamphamvu monga mumamenyera nyimbo ikafika pakolasi. Ikasasa tsitsani, ikakhala yoyera kwezani pang'onopang'ono mpaka iyambe kusasa, kenako bwererani m'mbuyo pang'ono. Pamenepo ndi pokoma. Gain yotsika kwambiri imapereka mawu oonda ofa msanga, ndipo ndi chimene chimachititsa anthu kunena kuti modeler ilibe moyo.

Kukweza mawu kuchitike pa Level. Koma samalani, ma Level onse akakhala kumapeto, bokosi lenilenilo limadzaza n'kuyamba kuthetheka moipa, kosiyana ndi kusasa kwa ampu. Zomwezo zimachitikanso pa mikisa: kagetsi kofiira kakamayaka pa channel yanu, wa pamikisa atsitse gain yake kapena adine Pad, kabatani kochepetsa mphamvu yolowa. Magitala a humbucker (pickup, kotolera mawu a nsambo, ya makoilo awiri) amatulutsa mphamvu zambiri kuposa a single coil (ya koilo imodzi, ngati ya Stratocaster), ndiye patch ya mnzanu wa Stratocaster ingasase pa gitala yanu.

Chachisanu ndi chiwiri: dulani pansi ndi pamwamba

Nsambo yaikulu ya gitala, E ya pansi, imalira pa 82 Hz. Chilichonse cha pansi pa apo ndi matope olimbana ndi besi. Mu Cab kapena mu EQ, gawo lokweza ndi kutsitsa mbali za mawu, ikani Low Cut, yodula mawu apansi, pakati pa 80 ndi 100 Hz. Wa lead amene amakhalira kumunsi kwa khosi la gitala, pa nsambo zing'onozing'ono, angakwere mpaka 120 kapena kupitirira osataya kanthu. High Cut iyambire cha pa 7 kHz. Ikamabayabe tsitsani kufika pa 6, ikazimirira kwezani.

Pa ampu yotsanzirayo, Bass ikhale yochepa kuposa mmene khutu likufunira muli nokha, 3 kapena 4 pa Twin. Mid musaiope. Ma Fender amabwera kale ndi mid yolowa m'kati, ndipo mukaichotsanso gitala imakoma kuchipinda koma imasowa bandi ikayamba, makamaka kiyibodi ikadzaza malo onse. Bright switch yesani mbali zonse. Ndi single coil mu PA nthawi zambiri imaonjeza. Pa gitala penipeni, ya Stratocaster, malo achiwiri ndi achinayi a switch amapereka kulira kwagalasi kuja, pomwe pickup ya kukhosi imanenepetsa.

Chachisanu ndi chitatu: zokometsera, ngati mchere

Compressor ikhale patsogolo pa ampu, yochepa, yongofananitsa manotsi kuti mizere yothamanga ya seben, gawo lovinitsa la rumba, isamasowe ena. Ikachuluka imadya kamenyedwe ka pick ndi kukweza phokoso. Chorus, delay ndi reverb zibwere pambuyo pa Cab. Chorus ikhale ya Rate yotsika ndi Depth yapakati. Mukaonjeza gitala imamveka ngati yosatchuna.

Delay iyendere limodzi ndi nyimbo. Gawani 60,000 ndi liwiro la nyimbo: pa 120 BPM (kugunda 120 pa mphindi) mupeza 500 ms (theka la sekondi) pa kugunda kumodzi, ndipo magawo atatu mwa anayi a pamenepo, 375 ms, ndi delay yodumphadumpha ija yotchedwa dotted eighth. Kubwereza kawiri kapena katatu n'kokwanira. Ngati bokosi lili ndi Tap Tempo, yoikira liwiro la delay pogunda ndi phazi, ipatseni chopondera chakechake, poti woimba ng'oma sadzagunda 120 yeniyeni tsiku lililonse.

Reverb ndiye muyambe mwamvetsera chipinda. Tchalitchi cha njerwa, simenti pansi ndi malata opanda siling'i chili kale ndi reverb yoposa imene mukufuna. Mmenemo tsitsani mpaka pafupifupi kuzima. Panja, pa ukwati kapena pa msonkhano, ndi pomwe mungaonjezere.

Phokoso likabwera

Kung'ung'udza kosalekeza kawirikawiri kumachokera ku magetsi. Tsitsani voliyumu ya pa gitala mpaka kumapeto. Kukasiya, ndi ma single coil akutola phokoso la magetsi a m'chipindamo. Tembenukani muyang'ane mbali ina, talikirani adaputala ndi mababu, kapena pitani pa malo achiwiri kapena achinayi a switch, omwe pa magitala ambiri amakono amapha kung'ung'udzako. Kukapitirira, dinani Ground Lift pa DI box, yesani adaputala ina, kapena lumikizani bokosi pa soketi imodzi ndi mikisa. Musathyole mwendo wa earth pa pulagi pofuna kuthetsa phokoso, anthu amafa nazo zimenezo. Noise gate, yotseka phokoso mukasiya kuimba, ikhale yotsika, apo ayi izidula mchira wa manotsi anu.

Ndipo nsambo za dzimbiri palibe modeler ingazitsitsimutse. Chingwe chachitali kwambiri pakati pa gitala ndi bokosi nachonso chimadya kuwala kwa mawu. Mamita atatu kapena asanu akwana.

Pomaliza: tchunirani pa voliyumu ya siteji

Khutu la munthu silimva besi ndi mawu okwera bwinobwino voliyumu ikakhala yotsika, ndiye usiku m'mahedifoni mumaonjeza zonse ziwiri osadziwa. Patch yomweyo ikakwezedwa mu PA imagunda pansi ndi kubaya pamwamba. Fikani msanga pa pulakatisi, imbani ndi bandi yonse, mnzanu agwire gitala inu mupite kumbuyo kwa holo mukamve zimene anthu akumva. Ngati bokosi lili ndi looper, jambulani mzere umodzi uzizungulira inu mukuyendayenda.

Zikakhala bwino sungani patchyo, muikopere kawiri. Yoyamba ya rhythm, youma. Yachiwiri ya lead, yokhala ndi chorus ndi delay, Level yokwererapo ndi ma dB awiri kapena atatu. Yachitatu ya nyimbo zodekha, delay yaitali ndi reverb. Ziyandikane pa zopondera, muzilembe mayina omveka, ndipo muzisunge pa kompyuta kudzera pa USB musanabwereke bokosilo kwa mnzanu wa bandi ina.