Kukonza mpeni wopinda kuti uzisemera mitengo

Mipeni yopinda yambiri imene mungagule mumsika wa Zomba imabwera yonoledwa mokhuthala, pafupifupi madigiri 20 mbali iliyonse. Yotere imang'amba mtengo m'malo mousenga. Posema pamafunika madigiri 12 mpaka 15.

Yambani mwaona ngati mpeniwo uli ndi loko. Wopanda loko umatha kupindikira zala mukamaboola ndi nsonga.

Chitsulo chikatalika kupitirira masentimita 6, chifupikitseni. Palani kumsana kwa mpeniwo ndi tupa, kutsitsira msanawo kunsonga, osati mbali yakuthwa. Mukadya mbali yakuthwa, nsonga imatulukira kunja kwa chigwiriro mukapinda mpeni, ndipo idzakubayani m'thumba. Tupa ikamaterera chifukwa chitsulo n'cholimba, pitani kwa owotcherera, koma muwauze kuti azichiviika m'madzi pafupipafupi. Chitsulo chikasanduka chabuluu ndiye kuti chapsa, chafewa, sichisunganso kuthwa.

Ponola, yalani sandipepa pagalasi: yokhakhala ya nambala 220 poyamba, kenako zosalalirapo za nambala 400, 800 ndi 1200. Detsani m'mphepete mwa mpeni ndi cholembera cha maka kuti muziona pomwe pakudyeka. Musasinthe sandipepa msanga. Dikirani mpaka chala chimve kachitsulo kopindikira mbali inayo, kuyambira kuchigwiriro mpaka kunsonga. Apa ndi pomwe ambiri amafulumira, mpeni n'kukhalabe wobuntha. Malizirani pa lamba wakale wachikopa, mukukokera mpeni chakumsana.

Yesani pa nthambi ya malaina. Paini wakuphiri ndi wofewa, koma utomoni wake umamata, choncho pukutani ndi palafini. Nyengo yamvula pakani kamafuta kuti dzimbiri lisagwire.