IELTS: zochita ulesi ukakugwirani pakati pa ulendo

Anthu amene amabwera kwa ine kuno ku Mufakose, mu Harare, kuti ndiwathandize kukonzekera IELTS, mayeso a Chingerezi a ofuna kukaphunzira kapena kukagwira ntchito kunja, Chingerezi amachidziwa ndithu. Anakhoza mayeso a kusukulu a ZIMSEC, ena ndi anamwino ali pantchito kale. Chimene chimawagwetsa ndi mwezi wachiwiri. Mabuku agula, foni yadzaza ndi mapepala akale, koma mtima wa kuwerenga wathawa.

Yambani ndi tsiku. Pitani mukalembetse ku British Council, mulipire. Ndalama yake imaluma, ndikudziwa, koma amene amati "ndidzalemba ndikadzakonzeka" ndimakumana naye chaka chinacho akunenabe zomwezo. Werengerani bwino nthawi, chifukwa zotsatira zimalandiridwa kwa zaka 2 zokha. Fufuzaninso band, kutanthauza giredi ya IELTS, imene akufuna kumene mukupitako. Mayunivesite ambiri a ku UK amafuna 6.0 kapena 6.5 pa IELTS Academic. Bungwe la anamwino la kumeneko, NMC, limafuna 7 pa kuwerenga, kumvetsera ndi kulankhula, ndipo 6.5 pa kulemba.

Tsono apa ndi pamene pagona nkhani. Munthu amafooka akamaona ngati sakusuntha, ndiye muyenera kuona ndi maso anu kuti mukusuntha. Listening ili ndi mafunso 40, Reading nayonso 40. Mukakhoza pafupifupi 23 ndiye band 6, mukakhoza pafupifupi 30 ndiye band 7. Mwaona? Pakati pa 6 ndi 7 pali mafunso 7 basi. Mtsikana wina atamva zimenezi anaseka, nati ankayesa kuti afunika kubadwanso ku London. Ayi, afunika kupeza mafunso 7 amene amamupulumuka.

Gulani kope la masamba ochepa, likhale la zolakwa zokhazokha. Loweruka lililonse lembani pepala lathunthu, wotchi ili patsogolo, kenako funso lililonse limene mwaphonya mulembe chifukwa chake. Musalembe kuti "linali lovuta". Lembani zenizeni: ndinalakwitsa sipelo, ndinaika mawu atatu pomwe anati asapitirire awiri, ndinasankha False pomwe nkhaniyo sinanene kanthu ndiye yankho linali Not Given. Pakatha masabata angapo mudzapeza kuti zolakwa zanu n'zamitundu iwiri kapena itatu yokha, zikungobwerezabwereza. Mlungu wotsatira mulimbane ndi mtundu umodzi. Nambala ikachoka pa 24 kufika pa 26, mudzadzuka nokha m'mawa, palibe wokukankhani. Ine ma vidiyo olimbikitsa mtima aja sindiwawerengera. Amakutenthetsani madzulo, kukacha mwazizira.

Za magetsi tonse tikuzidziwa. Ena amapangana ndi mtima wawo kuti azidzuka pakati pa usiku magetsi akayaka. Sizikhalitsa, ndipo kuntchito mumakangosinza. Usiku tchajani foni ndi nyale, koperanitu mapulogalamu a BBC, mugone. Mbandakucha werengani nkhani imodzi ya Reading papepala kwa mphindi 20, popeza pamayeso nkhani zimakhala 3 mu ola limodzi. Mu kombi popita kutauni, ikani zomvera m'makutu. Lamulo lake ndi limodzi: osabweza m'mbuyo, chifukwa tsiku la mayeso mawu amaseweredwa kamodzi kokha. Ngati mumatha kumva mfundo mahwindi, oitanira anthu m'makombi, akukuwa pa siteji ya Copacabana, m'chipinda cha mayeso simudzavutika. Kunyumba kukakhala phokoso, Harare City Library ili pa Rotten Row.

Kulemba ndi kumene ambiri amakuzemba, poti kulibe tsamba la mayankho loti udzichongere wekha. Task 2 ndi mawu 250 m'mphindi 40, ndipo mamalikisi ake ndi owirikiza kawiri a Task 1 ya mawu 150. Lembani ziwiri pamlungu, mupatse munthu wosakunyengererani, kaya mphunzitsi wa Chingerezi wa kutchalitchi kwanu, azichonge ndi cholembera chofiira.

Kulankhula kuli ndi vuto lakelake. Kunyumba timayankhula Chichewa ndi agogo, pamsewu Chishona, ndiye ukayamba Chingerezi pakhomo abale amati wayamba matama. Pezani mnzanu mmodzi, awiri akachuluka. Magulu a WhatsApp a anthu mazanamazana aja ntchito yawo n'kutumizirana mantha ndi nkhani za amene walephera. Mapemphero a ku CCAP akatha, khalani panja awiriwiri. Wina apereke mutu, mnzake aganize mphindi imodzi, alankhule mphindi 2 osaima, monga zimakhalira pa gawo lachiwiri la Speaking. Jambulani mawuwo pafoni. Musafufute oyambirira ngakhale akuchititseni manyazi, mudzawamvere pakatha mwezi.

Auzeni amayi ndi ena onse pakhomo tsiku la mayeso, muwapemphe ola limodzi patsiku loti asakutumeni. Maliro adzagwa, alendo ochokera ku Malawi adzafika, masiku ena adzapita osatsegula buku. Musayese kubweza ngongoleyo pa tsiku limodzi. Pitirizani pamene munalekezera.

Mlungu womaliza musayambe buku latsopano, bwerezani kope la zolakwa lija. Ndipo onani pasipoti kapena chitupa chimene munalembetsera, chifukwa chomwecho ndi chimene adzafune pakhomo tsiku la mayeso.