Kuonera pa TV makanema amene ali mu kompyuta popanda kulumikiza waya

Ambiri amene amasunga makanema, nyimbo ndi zithunzi mu kompyuta anazolowera kukopera zimene akufuna pa fulashi n'kukaibaya kuseri kwa TV. Njira imeneyi imagwira ntchito, koma imatopetsa, ndipo fulashi imene inakonzedwa mwa dongosolo la FAT32 imakana fayilo iliyonse yoposa 4 GB, kukula kumene filimu yooneka bwino imakupitirira mosavuta. Ngati m'nyumba muli rauta ya Wi-Fi, ndipo TV yanu ndi yotha kulowa pa netiweki, mafayilowo angathe kukhala momwe alimo mu kompyutamo, TV n'kumawatenga yokha kudzera mu rautayo. Njira zingapo mwa zimene ndifotokoze sizidya ngakhale pang'ono data ya intaneti, chifukwa kanemayo satuluka m'nyumba.

Musanakhudze batani lililonse, ndi bwino kumvetsa kuti pali zinthu ziwiri zosiyana zimene anthu amazitchula ndi dzina limodzi. Choyamba ndi kutumiza fayilo yeniyeniyo, pamene kompyuta imangokhala ngati nkhokwe ndipo TV ndi imene imamasula kanemayo n'kumuonetsa. Chachiwiri ndi kutengera pa TV chilichonse chimene chikuoneka pa sikirini ya kompyuta, pamene kompyutayo imajambula sikirini yake mosalekeza, kupanikiza zithunzizo n'kuzitumiza nthawi yomweyo. Pa nkhani yoonera filimu, ine ndimalimbikitsa njira yoyambayo nthawi zonse. Kanema amafika pa TV ali momwe anasungidwira, mawu sasemphana ndi milomo ya olankhula, mumaimitsa ndi kubweza ndi rimoti ya TV, komanso wina angathe kupitiriza kugwira ntchito pa kompyuta ija filimu ili mkati.

Yambani ndi netiweki

TV ndi kompyuta ziyenera kukhala pa netiweki imodzi, ndipo apa ndi pamene ambiri amakodwa. Zipangizozi zimapezana pofalitsa timauthenga tating'ono kwa aliyense amene ali pa netiwekiyo, ndipo timauthengati sitidutsa malire ake. Ngati TV munailowetsa pa Wi-Fi ya alendo, imene rauta zambiri zimaitcha Guest, siidzaiona kompyuta, popeza netiweki imeneyo inapangidwa dala kuti zipangizo zisamaonane. N'chimodzimodzi ngati mu rauta mwayatsidwa chimene chimatchedwa AP isolation, kapena ngati m'nyumba muli rauta ziwiri zimene iliyonse ikugawa maadiresi ake. Pulogalamu ya VPN imene ili yoyaka pa kompyuta ingathenso kuibisa, choncho izimitseni kaye pamene mukuyesa koyamba.

Pa Windows 10 ndi Windows 11, tsegulani Settings, mulowe pa gawo la netiweki ndi intaneti, musankhe Wi-Fi yanu, ndipo muonetsetse kuti mtundu wa netiwekiyo waikidwa pa Private. Ukakhala pa Public, Windows imaganiza kuti muli pamalo a anthu ambiri ndipo imatseka zitseko zonse zimene TV ikanalowera.

Pali chinthu chimodzi chimene chimaoneka ngati chikutsutsana ndi mutu wa nkhaniyi, koma ndi chimene chimathandiza kuposa zonse. Ngati n'zotheka, lumikizani kompyuta ku rauta ndi waya wa Ethernet, TV yokha ndiyo ikhale pa Wi-Fi. Zonse ziwiri zikakhala pa Wi-Fi, kanema amayenda m'mlengalenga kawiri, kuchoka pa kompyuta kupita pa rauta, kenako kuchoka pa rauta kupita pa TV, ndipo maulendo awiriwa amagawana mpata womwewo. Waya umodziwo umachotsa ulendo woyamba, ndipo pabalaza pamakhalabe popanda chingwe chilichonse.

Njira imene ili kale mu Windows

TV zambiri zolowa pa netiweki zimadziwa dongosolo lotchedwa DLNA, limene makampani opanga zipangizo zamagetsi anagwirizana kuyambira mu 2003. Bungwe limene linkaliyendetsa linatsekedwa mu 2017, koma dongosololo likugwirabe ntchito m'zipangizo zosawerengeka, ndipo silifuna akaunti kapena intaneti.

Dinani batani la Start, mulembe mawu akuti Media streaming options, mutsegule zimene zabwerazo, kenako mudine Turn on media streaming. Mudzapatsidwa malo olembapo dzina limene lizioneka pa TV, ndipo m'munsi mwake mudzaona mndandanda wa zipangizo zimene Windows yapeza. TV ikhale yoyaka pa nthawiyi kuti ioneke pa mndandandawo, ndipo mutsimikize kuti pambali pake pachongedwa Allowed. Chipangizo chilichonse chimene simukuchidziwa muchichotsere chilolezocho, chifukwa DLNA ilibe mawu achinsinsi, ndipo aliyense wololedwa amaona zonse zimene mwagawa, kuphatikizapo zithunzi za banja.

Windows imagawa zimene zili m'malaibulale ake a Videos, Music ndi Pictures. Ngati makanema anu ali kwina, mwachitsanzo pa hadi disiki yachiwiri, dinani fodayo ndi batani lakumanja la mausi, musankhe Include in library, kenako Videos. Pa Windows 11 mawu amenewa amabisala pansi pa Show more options. Mukatero pitani pa TV, mudine batani la Source kapena Input, ndipo dzina lija lidzaoneka pamodzi ndi malo a HDMI ndi USB, ngakhale pa TV zina limapezeka mkati mwa pulogalamu yake yoonetsera makanema ndi zithunzi. Ulendo woyamba pamafunika kudekha, popeza kompyuta imayamba yawerenga mafayilo onse, ndipo akakhala ambiri mafoda ena amaoneka opanda kanthu kwa kanthawi. Mungathenso kuyambira ku kompyuta podina fayilo ndi batani lakumanja n'kusankha Cast to Device.

Pamene TV ikukana fayilo

Apa ndi poyenera kuchedwapo, chifukwa ambiri amaimba mlandu Wi-Fi pamene vuto lili mu fayilo. Zilembo zakumapeto kwa dzina la fayilo, monga MP4 kapena MKV, zimangonena mtundu wa chotengera. Mkati mwake muli kanema, mawu, ndipo nthawi zina malemba, chilichonse chopanikizidwa mwa njira yake. Choncho mafayilo awiri a MKV angathe kuoneka ofanana, koma TV n'kulandira imodzi, inayo n'kuikana.

Njira yopanikizira kanema imene pafupifupi TV iliyonse imaidziwa ndi H.264, imene inakhazikitsidwa mu 2003. Ya H.265, yotchedwanso HEVC, inabwera mu 2013 ndipo imachepetsa kwambiri kukula kwa fayilo, koma TV zakale zimene si za 4K nthawi zambiri siziimasula. Ya AV1, ya mu 2018, imafuna TV yatsopano kuposa apo. Ku mbali ya mawu, AAC ndi Dolby Digital sizivuta kawirikawiri, pamene DTS ndiyo imasowetsa anthu mtendere. Kampani ya Samsung inaleka kuika DTS mu TV zake kuyambira pa zopangidwa mu 2018, ndipo zotsatira zake n'zakuti kanema amaoneka bwinobwino koma mawu osamveka.

Kuti mudziwe zimene zili mkati mwa fayilo, itseguleni ndi pulogalamu yoonetsera makanema ya VLC pa kompyuta, mupite pa Tools n'kusankha Codec Information. Ngati mwapeza kuti TV yanu siidziwa zimenezo, pulogalamu yaulere ya HandBrake ingaisinthe kukhala MP4 ya H.264 ndi AAC. Ntchitoyi imatenga nthawi, mwina maola pa kompyuta yofooka, koma imachitika kamodzi kokha. Malemba a m'munsi mwa kanema nawonso amavuta pa DLNA. Fayilo ya SRT, imene imasunga malembawo, ikhale mu foda yomweyo ndipo dzina lake lifanane ndendende ndi la kanemayo. Zikakanikabe, HandBrake ingawadinde pa chithunzi penipeni, ngakhale mukatero simungathenso kuwazimitsa.

Seva yodzikonzera nokha

Amene ali ndi makanema mazanamazana sachedwa kutopa ndi mndandanda wa mafoda umene DLNA imaonetsa. Kwa iwowa pali Plex ndi Jellyfin. Onse awiri ndi mapulogalamu a seva, kutanthauza amene amaikidwa pa kompyuta kuti azigawira TV mafayilo, n'kusanja makanema, kuwapezera zithunzi ndi mafotokozedwe, kukumbukira pamene munalekezera, komanso kusintha fayilo nthawi yomweyo ngati TV siingaimasule. Plex ili ndi pulogalamu yake pa TV za mitundu yambiri, koma imafuna kuti mutsegule akaunti ku kampaniyo, ndipo zina mwa zimene imachita n'zolipira. Jellyfin, imene inayamba kumapeto kwa 2018 pogawanika kuchoka ku pulogalamu ina yotere yotchedwa Emby, ndi yaulere yonse ndipo akaunti zake zimakhala mu kompyuta yanu momwemo. Pa chifukwa chimenechi, ine ndimaona kuti ndiyo yoyenera kuyamba nayo ngati TV yanu ili ndi pulogalamu yake, monga zilili pa Android TV, Google TV, Fire TV, Roku ndi TV za LG za webOS.

Mukaika Jellyfin, tsegulani msakatuli pa kompyuta yomweyo n'kulemba localhost:8096. Mudzafunsidwa kupanga dzina ndi mawu achinsinsi, kenako kuloza mafoda amene muli makanema. Ikani mafilimu padera ndi masewero a magawo padera, ndipo fayilo iliyonse ikhale ndi dzina lenileni la filimuyo ndi chaka chake, chifukwa ndi zimene pulogalamuyi imagwiritsa ntchito poizindikira. Pa TV, pulogalamu ya Jellyfin kawirikawiri imaipeza yokha sevayo. Ikalephera, lembani ipconfig mu Command Prompt kuti muone adiresi ya kompyuta, imene imaoneka ngati 192.168.1.20, ndipo mukailembe pa TV motsatizana ndi :8096. Rauta ingathe kusintha adiresi imeneyi tsiku lina, choncho ndi nzeru kulowa m'makonzedwe ake ogawira maadiresi, otchedwa DHCP, n'kuisungira kompyutayo adiresi yokhazikika.

Chenjezo ndi lakuti kusintha kanema nthawi yomweyo ndi ntchito yolemetsa. Kompyuta yakale ikapatsidwa filimu ya 4K kuti iisinthe, imatentha, ndipo kanema amaimaima ngakhale Wi-Fi ili bwino. Mapurosesa ambiri a Intel kuyambira mu 2011 ali ndi gawo lapadera la ntchitoyi lotchedwa Quick Sync, ndipo mu Jellyfin mungaliyatse kwaulere, koma purosesa yakale imadziwa njira zakale zokha zopanikizira.

Chromecast, AirPlay ndi kutengera sikirini

TV imene siilowa pa netiweki si yotayika ngati ili ndi malo a HDMI, popeza kachipangizo kobaya pamenepo kamaipatsa zambiri mwa zimene tafotokozazi. Chromecast, imene Google inatulutsa mu 2013 n'kuleka kuipanga mu 2024, idakali m'nyumba zambiri, ndipo luso lake linaikidwanso mkati mwa TV zambiri za Android TV ndi Google TV. Kuti muitumizire fayilo, gwiritsani ntchito VLC ya mtundu wa 3.0 kapena woposerapo. Pitani pa Playback, kenako Renderer, musankhe chipangizocho, ndiyeno mutsegule kanema. Dziwani kuti Chromecast imadalira intaneti poikonza ndiponso poyamba ntchito, mosiyana ndi DLNA. A makompyuta a Mac ali ndi AirPlay, imene imagwira ntchito ndi Apple TV komanso TV zambiri za Samsung, LG ndi Sony zimene zatuluka kuyambira mu 2019.

Kutengera sikirini kuli ndi malo ake, makamaka poonetsa zikalata, tsamba la pa intaneti kapena zithunzi. Pa Windows, dinani batani la Windows pamodzi ndi K n'kusankha TV. Zimenezi zimadzera mu Miracast, dongosolo la mu 2012 limene limatha kulumikiza zipangizo ziwiri mwachindunji popanda rauta. Pa filimu ya maola awiri sindingakulangizeni njirayi, chifukwa chithunzi chimapanikizidwa kachiwiri n'kutaya kuoneka bwino kwake, ndipo kusokonezeka kulikonse kwa Wi-Fi kumaonekera pomwepo.

Ngati kanema akuimaima

Mungathe kuwerengera nokha liwiro limene fayilo ikufuna. Chulukitsani magigabaiti ake ndi 8,000, ndipo mugawe ndi masekondi a kutalika kwake. Filimu ya 4 GB ya maola awiri, amene ndi masekondi 7,200, imafuna pafupifupi 4.4 Mbps (mamegabiti pa sekondi), zimene Wi-Fi iliyonse yabwinobwino ingakwanitse. Ya 60 GB ya kutalika komweko imafuna pafupifupi 67 Mbps, ndipo pamalo pamene zinthu zikuyenda mofulumira pa chithunzi imafuna zoposa apo. Fayilo yotereyi imafunika Wi-Fi ya 5 GHz. Ya 2.4 GHz imafika patali ndi kudutsa makoma bwino, koma ili ndi njira zitatu zokha zosalowerana, 1, 6 ndi 11, zimene mumalimbirana ndi rauta za oyandikana nawo, zipangizo za Bluetooth ndi uvuni wa maikulowevu. Ya 5 GHz ndi yotakasuka koma imafooka msanga ikakumana ndi khoma, choncho rauta ikhale pamalo okwera ndi oonekera, osati m'kabati kapena kuseri kwa TV.

Kanema akaduka pakati ndipo dzina la kompyuta n'kusowa pa TV, kawirikawiri ndiye kuti kompyutayo yagona. Lowani m'makonzedwe a magetsi a Windows, mulole sikirini yokha kuzima koma kompyuta isagone ikakhala pa magetsi, ndipo ngati ndi laputopu, musinthenso zimene imachita mukatseka chivindikiro. Ngati dzinalo silinaonekepo n'komwe, yang'anani chotchinga cha firewall, makamaka ngati munaika pulogalamu ina yoteteza ku mavairasi imene ili ndi chotchinga chake, ndipo mulole pulogalamu ya seva pa netiweki ya Private yokha m'malo mozimitsa chotchingacho. Zonsezi zikakhala m'malo mwake koma TV n'kusaonabe kanthu, zimitsani rauta, TV ndi kompyuta, TV muizule ku magetsi kwa mphindi imodzi, ndiyeno muyatse rauta poyamba, kompyuta pambuyo pake, ndi TV pomalizira.