Momwe mungalandirire oda ya zaluso popanda kuluza

Munthu akakuimbirani kuti mumujambulire chithunzi cha mayi ake, kapena mumusemere chiboliboli choika pakhomo pa ofesi, mtima umathamangira ku bulashi ndi sompho. Dekhani kaye. Ndalama zambiri zimene aluso amaluza zimatayika pa kukambirana koyamba komweku, penti asanatsegulidwe n'komwe.

Yambani ndi kufunsa. Chikhale chachikulu bwanji? Achifuna liti? Chikaikidwa m'nyumba kapena panja pomwe pamafika dzuwa ndi mvula? Funso lalikulu, limene ambiri amaliiwala, ndi ili: akachigwiritsa ntchito yanji? Chithunzi chopachika pabalaza ndi chithunzi chokasindikizidwa pamalaya ogulitsa ndi malonda awiri osiyana, ngakhale thukuta lake ndi limodzimodzi. Akakupanikizani kuti mutchule mtengo nthawi yomweyo, ayankheni mwaulemu kuti, "Ndiwerengere kaye, ndikuuzani mawa." Mtengo wotchulidwa mothamanga umakhala wotsika, ndipo kuukweza pambuyo pake kumakuchititsani manyazi inuyo.

Kenako khalani pansi ndi pepala. Lembani zipangizo zonse: chinsalu chojambulapo, penti, vanishi, fulemu, zokutira, mayendedwe okagula ndi okapereka. Onjezani maola amene ntchitoyo idzadye, kuphatikizapo ojambula zoyeserera ndi okambirana ndi kasitomala, ndipo ola lililonse likhale ndi mtengo wake. Ngati simunawerengepo maola anu, yambani ndi ntchito imene ili m'manja mwanu panopa, mudzadabwa. Ikaniponso kagawo ka lendi, magetsi ndi foni, chifukwa malo ogwirira ntchito amadya ndalama ngakhale tsiku limene simunagulitse kanthu. Pamwamba pa zonsezi m'pamene pamabwera phindu. Malipiro a maola anu ndi oti mudyere, phindu ndi lokulitsira mpamba.

Ngati oda yadzera ku gallery (malo oonetsera ndi kugulitsira zaluso) kapena kwa munthu wokugulitsirani, samalani ndi masamu. Ma gallery ambiri amatenga pafupifupi theka la mtengo wogulitsira. Tinene kuti mukufuna m'thumba mwanu mulowe 100. Mukangowonjezera 50 n'kulemba 150, iwo akatenga theka inu mutsala ndi 75. Mtengo woyenera ndi 200. Ndipo ntchito yofanana nayo musamaigulitse motsika kwambiri kwa munthu wobwera kwa inu mwachindunji, chifukwa okugulitsiraniwo akadziwa sadzakukhulupiriraninso.

Mukagwirizana mtengo, zilembedwe. Sizifuna loya nthawi zonse. Pepala limodzi losainidwa ndi nonse awiri likukwanira, ndipo pa ntchito yaing'ono ngakhale uthenga wa pa WhatsApp umene kasitomala wayankha kuti wavomera ndi umboni wabwino kuposa mawu apakamwa. Mulembemo kukula kwa ntchito, mtengo, tsiku lopereka, ndi kuti adzaloledwa kusintha kangati. Kawiri n'kokwanira, kupitirira apo alipire padera. Popanda mzere umenewu mudzakonza mphuno imodzi mpaka mwezi kutha.

Dipoziti ibwere musanagule chilichonse. Aluso ambiri amapempha theka, ndipo amanena poyera kuti zipangizo zikagulidwa ndalamayo siyibwezedwa. Ine pa ichi sindigonja, ngakhale kwa mnzanga wapamtima. Amene akufunadi ntchito yanu savutika ndi dipoziti, ndipo amene wakwiya nayo wakuwonetsani msanga momwe adzachitire tsiku lomaliza. Aliponso amene amati alibe ndalama koma ntchitoyo idzakutchukitsani. Mukafuna kuthandiza bungwe kapena munthu mwaulere, chitani ndi mtima wonse, koma chikhale chisankho chanu, ndipo mulembebe mtengo weniweni papepala kuti adziwe kukula kwa mphatso imene alandira.

Tsopano nkhani ya umwini, imene imandipweteka mtima ndikaona aluso akuitaya osadziwa. Pangano la Berne loteteza umwini wa ntchito zaluso, limene linayamba mu 1886 ndipo lero muli mayiko oposa 180, limati ufulu wa mwini luso umayamba pamene ntchito yapangidwa, osadikira kuti akailembetse kwinakwake. Pa ntchito zambiri ufuluwo umakhalapo moyo wake wonse ndi zaka zina zosachepera 50 atamwalira. Kawirikawiri wogula chithunzi amakhala mwini wa chinsalu ndi penti wake, koma mphamvu yochichulukitsa pamakalendala, pazikuto za mabuku kapena pazikwangwani zotsatsa malonda imatsala ndi wojambula. Komabe malamulo a mayiko ena amapereka mphamvuyo kwa amene analamula ntchito n'kulipira, makamaka pa zithunzi za nkhope za anthu. N'chifukwa chake muyenera kulemba mumgwirizano kuti umwini ukutsala ndi ndani. Kasitomala akafuna kuchulukitsa ntchitoyo, mugulitseni chilolezo chokhala ndi malire: achigwiritse ntchito pa chiyani, kwa nthawi yaitali bwanji, makope angati, m'dera liti. Akafuna umwini wonse, mtengo wake ukhale wina, wokwera ndithu, popeza mukugulitsa ndi ndalama zonse zimene chithunzicho chikanadzakubweretserani m'tsogolo.

Pogwira ntchito, muwonetseni chojambula choyeserera, avomereze polemba, ndiyeno mupitirize. Mukamaliza sainani, lembani chaka, ndipo muijambule ndi kamera pamalo owala bwino isanachoke. Zithunzi zimenezi ndi zomwe mudzawonetse makasitomala ena, komanso ndi umboni wanu wina akadzaikopera.

Ndalama yotsala ilowe ntchito isanatuluke pakhomo. Mutumizireni kasitomala chithunzi chaching'ono kuti aone kuti yatha, amalize kulipira, kenako atenge. Mupatseni lisiti, inu musunge kope lake, ndipo mulembe m'kaundula dzina la ntchito, wogula, tsiku ndi ndalama. Ndalama ya bizinesi ikhale payokha, osaisakaniza ndi ya pakhomo, ndipo mupatuleko yokalipira msonkho malinga ndi malamulo a dziko lanu.

Nanga akangosowa, foni osayankha, ntchito ili phee pakona? Ikani kale mumgwirizano kuti pakadutsa masiku mwakutimwakuti, tinene 60, chimalizireni ntchito, dipoziti imakhala yanu ndipo muli ndi ufulu wogulitsa kwa wina. Chithunzi cha nkhope ya munthu n'chovuta kugulitsa kwa mlendo, choncho pa oda yotere pemphani dipoziti yokulirapo.